Chinkhwe cha Malemu

Madzulo amene atelala anatsegula dala khola la chinkhwe anali madzulo wamba. Makina osokera ankalira pabalaza, nyali ili mbuu, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi.

Chinkhwecho chinali cha akazi awo, amene anali atamwalira miyezi isanu m'mbuyomo. Inali mbalame yapakamwa. Inkatsanzira makina, belu la njinga, ngakhale kutsokomola kwa aneba. Koma inali ndi mawu ake apamtima. Inkayamba ndi liwu lofooka la mayiwo, lija linkachokera kuchipinda: "Abambo, tabwerani pang'ono." Kenako inkadziyankha yokha ndi liwu la atelala: "Ndikubwera, ndimalize kaye msokowu."

Mbalameyo sinkanama. Miyezi yonse ya matenda ndi mmene ankayankhira, mpaka tsiku lomaliza. Tsikulo anamalizadi msoko wa thalauza la munthu wina, kudula ulusi, kulipinda bwinobwino. Polowa kuchipinda anapeza mayi atapita kale, nkhope itayang'ana kuchitseko.

Ndiye tangoganizani, munthu kumamva mlandu wako m'mawa ndi madzulo kuchokera kwa mbalame. Tsiku lotsegula khola lija inabwereza kanayi. Atelala anaponya sizasi pansi, kutsegula khola, kukankha zenera.

"Pita ukauze ena!"

Chinkhwe chinawayang'ana ndi diso limodzi, n'kuuluka.

M'nyumba munangoti zii. Apo m'pamene mutu unabwerera m'malo mwake. Padziko lonse lapansi, liwu la akazi awo linali litatsala pakhosi pa mbalame ija basi, ndipo iwo anali atalitaya pazenera ndi manja awo. Mtima unawapweteka kuposa tsiku la maliro.

Anatenga tochi, khola ndi mtedza wodzaza dzanja, n'kutuluka. Anaunika m'mitengo ya m'mbali mwa msewu, pamadenga, pamawaya a magetsi. Anaimba likhweru mpaka milomo inauma. Pageti la sukulu anafunsa mlonda ngati waona chinkhwe.

"Mbalame mdima uno, atelala?" mlondayo anaseka. "Imeneyo ili kale m'mimba mwa mphaka. Kagoneni."

Sanapite kukagona. Anadutsa mashopu otseka, pokwerera basi popanda munthu, mpaka tochi inayamba kufiira. Agalu amene ankauwa chiuwireni anangosiya onse nthawi imodzi.

"Abambo, tabwerani pang'ono."

Liwulo linachokera m'kanjira kopapatiza, pakati pa makoma awiri. Atelala analowamo mtima uli m'malo, akuti ndachipeza. Kumapeto kwake kunali nyali imodzi yophethiraphethira. Pansi pa nyaliyo panaima mzimayi, atawafulatira, chinkhwe chili phee padzanja lake.

Anafuna kupereka moni, koma maso awo anagwera pa diresi. Telala saiwala nsalu imene anadula yekha. Yobiriwira, ya maluwa oyera. Anaidulira akazi awo zaka ziwiri zapitazo, n'kuisiya yosapendera chifukwa makasitomala ndiwo ankayamba. Diresi limenelo malo ake anali m'dirowa yapansi, kuchipinda. Koma nali apa, mapini awo omwe akunyezimira kumpendero, asanu ndi awiri, monga anawabayira.

"Abambo, tabwerani pang'ono."

Mlomo wa chinkhwe unali wotseka. Anauona bwinobwino.

Panali mapazi khumi okha pakati pawo. Miyezi isanu yonse ankapempha Mulungu mwayi umodzi wokha woti aitanidwenso, kuti ulendo uno adzuke msangamsanga. Mwayiwo ndi umenewu. Koma tinene zoona, mantha anawagwira. Pakamwa panatuluka zimene panazolowera.

"Ndikubwera."

Sanasunthe.

Mzimayiyo anadikira. Sanacheuke, sanadandaule, monga sankadandaulira kale. Kenako mapewa ake anatsika pang'ono. Anakweza dzanja, chinkhwe chinauluka, n'kudzalowa chokha m'khola limene atelala ananyamula. Nyali inazima. Itayakanso, m'kanjiramo munalibe munthu.

Apo m'pamene miyendo inamasuka. Anathamangira pansi pa nyali paja, akuitana, "Mayi! Ndabwera! Ndabwera, mayi!" Khoma lokha ndilo linawabwezera mawu.

Atafika kunyumba sanayike n'komwe khola pamalo pake. Analunjika kudirowa yapansi. Diresi linalimo, lopindidwa monga analisiyira. Koma kumpendero kunali konyowa, kozizira, kuli matope a m'njira.

Analitengera pamakina, kuzula mapini aja imodziimodzi, n'kulipendera misozi ili chuchuchu. Ntchito yonseyo sinakwane mphindi khumi.

Kutacha nkhani inali itafika kale m'makomo. Mlonda uja ankalumbira kuti pamene atelala ankadutsa pobwerera, anaona zithunzithunzi ziwiri pakhoma la sukulu, china chikutsatira patali, ndipo chinakaima pakona. Azimayi apafupi ankanong'onezana kuti malemu anabwera kudzabweza mbalame, poti sakanalola amuna awo kutsala okha m'nyumba. Ena ankapukusa mutu, amvekere ayi, anabwera kudzatenga chimene chinali chawo.

Chinkhwe chilipo mpaka lero, chonenepa bwino. Chimatsanzirabe makina, belu la njinga ndi chifuwa cha aneba. Koma liwu la mayi aja sichinalitulutsenso ngakhale kamodzi.

Masiku ano dzuwa likangopendeka atelala amasiya ntchito, kaya msoko uli pakati. Amakoka mpando, kukhala patsogolo pa khola, mtedza uli m'manja.

"Tandiitana, mwanawe," amachonderera. "Kamodzi kokha."

Chinkhwe chimawayang'ana ndi diso limodzi lija, n'kuyankha ndi liwu lawo lomwe.

"Ndikubwera, ndimalize kaye msokowu."