Dzina la Apongozi

Nkhaniyi anandiuza ndi bambo Yotamu Kamtedza a ku Mponela, tsiku limene ndinapita kukapemphera ndi apongozi awo odwala mphumu. Ndiifotokoza monga anandiuzira, ndipo Mulungu andithandize ndisawonjezerepo zanga.

Masiku amenewo nyumba iliyonse ya wodwala matenda amgonagona inali italandira Msamala. Linali bokosi loyera lokhomedwa kukhoma, kumaso kwake kuli galasi lokhalokha. Linkamvetsera kapumidwe ka wodwala, n'kusakaniza lokha mankhwala, kenako kakabati kake kankatseguka. Linalibe batani ndi limodzi lomwe. Olipanga ankati mabatani ndi zachikale.

Amene ankadziwa kulankhula nalo anali Tiyanjane, mkazi wa Yotamu. Koma m'mawa wa tsiku lina iye anali atakwera sitima yamagetsi kupita ku Lilongwe kukaona mng'ono wake amene anali atangochira mwana.

Yotamu anali mkamwini wamwambo. Chikwatire sanayang'anepo apongozi ake kumaso, ndipo kuchipinda kwawo sankapondako. Akakumana panjira, ankapatukira kutchire. Dzina lawo loyamba ankalidziwa, koma linali lisanatulukepo pakamwa pake. Mudzi wonse unkawatchula ndi chiwongo chawo, a Nankhoma.

Tsiku limenelo Yotamu ali kudimba kuseri kwa nyumba ya apongoziwo, anamva mbale ikugwa. Anathamanga, naima pakhomo, naodira kawiri. Kunalibe yankho, koma kaphokoso ngati mluzu wong'ambika. Analowa. A Nankhoma anali gone pamphasa, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ngakhale anali kubanika chotero, atamuona anatembenukira kukhoma.

Yotamu analumphira pabokosi lija.

"Mwadzuka bwanji?" linatero bokosilo ndi mawu ozizira. "Lero kunja kwacha bwino. Kodi mukufuna kumva zatsopano za Msamala?"

"Mankhwala! Munthu akubanika kuno!"

"Zikomo kwambiri. Sankhani pagalasi."

Pagalasipo panabwera tizithunzi topanda mawu: duwa, mtambo, dzanja, nyenyezi. Anadina dzanja, poganiza kuti ndiye thandizo.

"Chala chanu sichikumveka."

Zala zake zinali matope okhaokha. Anazipukutira pathalauza, nadinanso. Bokosilo linayamba kumuphunzitsa katsukidwe ka galasi. Anadina mtambo, m'bokosimo munalira nyimbo yogonetsa odwala. Anadina nyenyezi, linamufunsa funso lalitali limene sanalimvetsere n'komwe, iye n'kungovomera kuti lichoke. Thandizo la mwadzidzidzi analipeza litabisala kuseri kwa duwa.

"Sindikukudziwani," linatero bokosilo. "Gwirani dzanja la wodwala, muyang'ane naye limodzi pagalasi, ndipo mutchule dzina lake loyamba."

Yotamu anayesa kulizemba dzinalo.

"Ndi amayi awa."

"Dzina limenelo palibe."

"A Nankhoma!"

"Chiwongo sichiloledwa."

"Iwe, unaleredwa ndi ndani? Ndi apongozi anga awa! Amene anakupangayo alibe apongozi?"

"Pepani, sindinamvetse. Mwatsala ndi mwayi umodzi. Mukalephera nditseka mpaka namwino atabwera."

Namwino ankabwera Lachisanu. Limeneli linali Lolemba.

Yotamu anacheuka. Mluzu uja unali utayamba kuzilala, ndipo milomo ya mayiwo inali itatuwa. Yotamu anagwada.

"Amayi, mundikhululukire."

Anawagwira dzanja. Linali lopepuka ngati phesi louma. Anawadzutsa, nawatembenuzira kugalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona nkhope yawo, ndi timphini tiwiri patsaya. Anatsinzina, nakuwa ndi mphamvu zake zonse:

"Elube! Elube!"

Kakabati kanatseguka. Anatulutsa chopumira, nawaveka kumphuno, ndipo pang'onopang'ono chifuwa chinayamba kufewa. Atangoona kuti akupuma, anatuluka chafutambuyo, nakakhala pansi pa mtengo wa mango. Anayamika Mulungu kuti panalibe wina amene anamva.

Koma funso lija la kunyenyezi, limene anavomera osamva, linali lakuti: kodi bokosi lizikumbutsa wodwala za mankhwala ndi mawu a wachibale? M'mawa mwake, anthu akusesa m'makomo, mawu a Yotamu anaphulika m'nyumba ya apongozi ake mpaka kumveka kumsewu:

"Elube! Elube!"

Mawa lake chimodzimodzi. Amayi a kumpopi anayamba kumulonjera akupanirira kuseka. "A Yotamu, nanga Elube wadzuka bwanji?" Iye ankangoweramitsa mutu.

Tiyanjane atabwera anafufuza pofufutira mawuwo, kuseri kwa duwa, kuseri kwa mtambo, osapapeza. Namwino anapapeza, koma bokosilo linati lifufuta pokhapokha wodwala atavomera yekha. Yotamu anapuma, nati basi zatha. Anadikira panja mkazi wake akufunsa.

Tiyanjane anatuluka akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Akana."

"Akana bwanji? Ine ndingoyenda wamaliseche m'mudzi muno?"

"Akuti ndikuuzeni kuti mulisiye. Akuti chimwalirire bambo anga, palibe anawaitanapo ndi dzina limenelo. Anayamba kuganiza kuti linaikidwa m'manda limodzi ndi iwo."

Pondiperekeza madzulo a tsiku limene ndinakapempherako, bambo Yotamu anaima pamphambano, napukusa mutu, nati:

"Mayi, bokosi lija ndimadana nalo mpaka lero. Lilibe mwambo, silimva, ndipo likadatiphera munthu. Amayi ndikakumana nawo panjira ndimawapatukirabe ngati kale. Koma m'mawa uliwonse ndimadzimva ndekha ndikuwaitana ngati kamtsikana, ine ndili phee kudimba. Ndipo chimene chimandithetsa mawu n'chakuti iwo amavomera."