Maliro Odzera Njira Yachidule

Kaputeni Hubert Lysaght ankanena poyera m'nyumba ya mowa ku Kilvarra kuti munthu womubera iye n'kudya phindu lake sanabadwe. Akanamutsutsa ndani? Anamenyera nkhondo Angerezi ku Joni ndi ku France, analemba mabuku a nkhani zapanyanja amene ankagulidwa ngati mchere, kenako anataya mamendulo a mfumu m'ngalande n'kulowa gulu lomenyera ufulu wa Ireland. Mfuti khumi ndi zinayi zimene gululo linkadalira anabwera nazo yekha pa bwato lake, mafunde akumuthira kumaso.

Lachiwiri lina m'mawa, m'chaka cha 1920, mfutizo zinasowa. Malachy Hehir, msodzi wokalamba amene ankamusungira Lysaght mfutizo m'khola lake, anam'peza ali gone pa udzu, mutu utaphwanyidwa ndi fosholo. Anali atazizira kale.

"Mngerezi ndi Mngerezi basi," anatero Cathal Droney, wogulitsa ng'ombe, pamaso pa gulu lonse. "Tamverani kalankhulidwe kake. Wazibwezera kwa abale ake ameneyu!"

"Tseka dzala lakolo, Droney," anakalipa Lysaght. "Ine ndinkagona m'matope a nkhondo iwe uli kalikiliki kubera akazi amasiye pamsika."

Fintan Moroney, mkulu wa apolisi a gululo, sanaseke.

"Kaputeni, mfutizo zinali m'manja mwanu, ndiye ngongole ndi yanu. Anyamata anga atseka misewu yonse. Likamalowa dzuwa mawa, mubweze mfuti kapena mulipe ndi moyo wanu."

Lysaght anachoka mano ali kukutu. Anafukula milu ya udzu, anasuzumira m'zitsime, anagubuduza migolo ya nsomba kudoko. Osapeza kanthu. Anthu amene dzana lomwe ankamugulira mowa tsopano ankalavula akamadutsa.

Lachitatu masana, pa mlatho wa Kilvarra, anakumana ndi maliro. Amuna anayi anasenza bokosi, Droney ali patsogolo, chipewa chili m'manja. Akuti anali amalume ake, omwalirira kunyumba ya amphawi m'tauni ina. Anyamata a Moroney anavula zipewa n'kupereka njira.

Lysaght anatembenuka n'kuyenda nawo pang'ono, poti wokumana ndi maliro sangodutsa. Atafika pamphambano, Droney anakhotera kumanzere, njira yachidule yotsetsereka yodutsa pakhomo pa apolisi a mfumu ya Angerezi isanafike kumanda.

Lysaght anayamba kukayikira. Ku Kilvarra ngakhale wopemphapempha samuthamangitsira kumanda. Bokosi limazungulira njira yaitali ya kuphiri, kaya kugwe matalala. Kumudulira njira womwalira n'kumutukwana.

"Amalume akowa anakulakwira chiyani, Droney, kuti uwadzeretse kwachidule?"

"Mvula ikubwera. Choka apa, kazitape iwe."

"Ndiye ndiwathandize. Tandipatsani malo, achimwene."

Phewa loperekedwa pamaliro silikanidwa. Mmodzi wa onyamulawo, thukuta lili kamukamu, anayang'ana Droney, anayang'ana anyamata a Moroney amene ankaonerera chapatali, n'kupatuka. Lysaght analowa pansi pa bokosilo. Atangoyenda pang'ono anapunthwa dala.

M'katimo munalira ngwe!

"Ha! Amalume ako anali ndi mafupa achitsulo?"

Analikankha ndi mphamvu zake zonse. Bokosi linagwera pamiyala, chivundikiro chinathetheka, mfuti zokulunga m'masaka zinamwazikira mumsewu.

Onyamula aja anati phazi thandize. Droney analiyatsa liwiro kuloza kwa apolisi a mfumu, akufuula kuti am'tsegulire. Sanafike. Lysaght anamudumphira kumsana, onse awiri n'kugwera m'matope.

"Angereziwo anakulonjeza zingati? Moyo wa Malachy unaugulitsa zingati, galu iwe?"

"Ndimangofuna kumukomola! Ndilumbire pa Mariya, anadzuka n'kundizindikira!"

"Wamva wekha, Fintan?"

Moroney anali atafika, kamfuti ka pisitoli kali m'manja. Anyamata ake anali atagwira kale onyamula atatu pa mlatho. Wachinayi anadziponya mumtsinje, anam'vuula ndi tsitsi.

"Cathal Droney," anatero Moroney, "ndakumanga m'dzina la dziko la Ireland, pa mlandu wakupha ndi kuba. M'mangeni ndi chingwe chake chomwe cha ng'ombe."

Kenako anatambasulira Lysaght dzanja. "Kaputeni, tinakulakwirani."

Lysaght sanalilandire. Anatola mfutizo imodziimodzi, akuzipukuta matope ndi malaya ake, n'kumaziponya pamapazi pa Moroney.

"Khumi ndi zinayi, Fintan. Werenganso bwino, mwina Mngerezi wabisa ina m'thumba."