Sipika Yosaopa Madzi

Swaibu anatsika basi pa Balaka mu Okutobala 1986, atanyamula wailesi yakaseti yakufa. Anthu anamulozera kashopu ka a Sidik, okonza mawailesi. Atalowa anapeza mtsikana atawerama pathebulo, akulumikiza mawaya ndi mtovu.

"Salamu aleikumu, achemwali. Amisiri ali kuti?"

"Ababa maso akuwavuta. Mmisiri ndine, Kulusumu. Tulutsani tione."

Anamasula wailesiyo n'kununkhiza m'kati mwake.

"Iyi imakhala pamadzi, eti?"

Swaibu anadzidzimuka. Wadziwa bwanji?

"M'boti, ku Liwonde. Timanyamula alendo okaona mvuu mu Shire. Iyi ndi yachitatu kufa."

"Botilo ndi lanu?"

Maso amenewo!

"Langa," anatero Swaibu.

Chonsecho botilo linali la a Blasius. Iye anangolembedwa ntchito yoliyendetsa, ndipo anali atachenjezedwa kuti wailesi ina ikafanso, ntchito yatha.

Kulusumu anatsitsa masipika awiri pashelefu.

"Iyi m'kati mwake ndi pepala. M'nyumba imalira bwino, koma pamtsinje imafewa ngati buledi mu tiyi. Inu mukufunika yotere, yapulasitiki, m'mbali mwake mphira. Musatengeke ndi kukula kwake. Muzifunsa kuti madzi akaigwera itani, dzuwa likaiwomba itani. Misomali yake ikhale yosachita dzimbiri. Wailesiyo tiikhomere bokosi lakelake."

Swaibu ankangogwedeza mutu. Anali asanaonepo munthu wodziwa ntchito yake chotero!

Zipangizo zina zinayenera kuitanitsidwa ku Blantyre. Podikira, makalata anayamba kuyenda m'thumba la kondakitala wa basi.

"Duwa langa," analemba Swaibu, "injini ikazima, ndimangomva mawu ako."

Yankho linabwera mawa lake: "Che Swaibu, mawu okoma sakonza wailesi. Komabe lembaninso."

Analembanso, kambirimbiri. "Wapamtima wanga, mvula ikatha nditumiza amjomba kwanu kudzafunsira ukwati. Boti lathu tidzalilemba dzina lako." Atatumiza kalatayo, anayamba kudzifunsa. Amuuze zoona? Nanga akamukana?

Tsiku loika zipangizo, Kulusumu anafika padoko ndi chikwama cha zida, akumwetulira. Swaibu anali atasankha dala Lachiwiri, tsiku limene a Blasius ankapita ku Zomba. Koma galimoto yawo inali itawonongeka.

"Swaibu! Boti langa silinakolopedwe bwanji?" anakuwa a Blasius akutsetsereka. "Mmisiri uja ndi ameneyu?"

Kulusumu anaima chilili.

"Botili ndi lanu, bambo?"

"Langa, mayi. Uyu ndi dalaivala wanga. Madzi amawadziwa, koma mawailesi akundithera. Iyi ikafa, anyamuka."

Swaibu analakalaka ng'ona itamukoka pomwepo. Anadikira kuti mtsikanayo atenge chikwama chake azipita.

Kulusumu anamanga chitenje chake mwamphamvu n'kukwera m'boti.

Anagwira ntchito maola atatu osamuyang'ana. Wailesi anaiika m'bokosi pansi pa denga, pomwe mafunde safika. Mawaya anawadutsitsa m'kapaipi, polumikiza paliponse n'kumatapo phula. Misozi ikalengeza ankaipukuta ndi phewa, manja osasiya ntchito.

Atamaliza anaika kaseti. Gitala inalira mpaka asodzi a tsidya lina anatembenuka. Kenako anatunga madzi ndowa yodzaza n'kuwakhuthulira pa sipika. Khuu!

Nyimbo inapitirira.

"Ayi, mayi, ndinu katswiri!" anatero a Blasius akuwomba m'manja. "Swaibu, ntchito yako wakupulumutsira ndi uyu."

Swaibu anatsatira Kulusumu mpaka pasiteji ya basi.

"Kulusumu, mtima wanga, ndikhululukire. Ndinkaopa kuti wolembedwa ntchito sungamufune."

"Inu munandipeza manja ali bii, ndikukonza mawailesi a eni ake. Ndinakubisirani?"

"Iyayi."

"Ndinawauza ababa kuti ndapeza munthu woona. Ndikawauze chiyani lero? Kalata iliyonse munali ndi mpata, Che Swaibu. Iliyonse!"

"Nanga bwanji wandithandiza?"

"Ndinalonjeza kuti sipika imeneyi sidzafa. Ine zimene ndanena zimakhala zomwezo."

Basi inafika. Kulusumu anakwera osacheuka.

Swaibu analemba makalata asanu. Onse anabwerera osatsegulidwa. Anayamba kupempha mumtima kuti waya umodzi uduke, apeze chifukwa chopitira ku Balaka. Mvula inagwa, Shire anasefukira, dzuwa linawomba. Palibe chinaduka.

Chaka chachitatu, kondakitala uja anamuuza kuti Kulusumu wakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Nkaya, ndipo watsegula shopu yakeyake komweko.

Masana omwewo Swaibu ananyamula alendo. Mvula inawapeza pakati pa mtsinje, nyimbo ikulira bwinobwino. Mayi wina wa ku Lilongwe anadabwa.

"Achimwene, wailesi yosaopa mvula munaipeza kuti? Ndikufuna mmisiri wake."

"Ali ku Nkaya, mayi. Mukafunse Kulusumu. Chimene akakuuzeni, mukhulupirire."

Swaibu anatembenukira kumadzi, nakoka chipewa mpaka m'maso.