Ampulifaya ya Khutu Lakumanja

Lachiwiri, itangokwana 11 koloko m'mawa, a Yen Chin-fa anatsitsa akazi awo mu takisi, kuwakhazika pachikuku, n'kuwakankha kulowa m'kanjira ka kwawo m'tauni ya Peilu. Ankachokera kuchipatala, kumene mayi Siu-bi ankapita Lachiwiri lililonse kukawongoledwa dzanja ndi mwendo. Chitseko anachipeza chokhoma. Kiyi wapadera anali pamalo pake, pansi pa mphika wa maluwa. Koma atalowa pabalaza, a Yen anangoti kakasi.

Ampulifaya panalibe.

Wailesi yakanema inalipo. Ndolo zagolide zinali m'kabati momwemo. Masipika awiri anali chiimire m'makona mwawo, opanda chowapatsa mawu. Mayi Siu-bi anayang'ana pa shelefu, kenako anayang'ana amuna awo. Sananene kanthu, pakuti chidwalireni sitiroko miyezi khumi yapitayo mawu anawathawa. Anangotembenuzira nkhope kukhoma.

Sajeni Pai wa polisi ya Peilu anafika 12 koloko isanakwane. Anali munthu wa zaka za m'ma 30, wonenepa pang'ono, thukuta lili kamukamu.

"Amalume, chinthucho munagula zingati?"

"Madola zikwi zitatu. Pa intaneti."

Sajeniyo anasiya kulemba. "Zikwi zitatu? Nsapato zanga ndavula pakhomopo n'zodula kuposa pamenepo."

"Nsapato zakozo zimaimba?"

Kunena zoona, inalidi yotchipa, poti dola ya dziko limenelo ndi yochepa mphamvu. Inali ampulifaya ya mababu, yamtundu wachikale uja, imene pamwamba pake pamaima mababu agalasi oyaka mofiirira, ndipo mawu amadutsa m'menemo asanapite ku masipika. Kufakitale amazipanga zikwizikwi. Tsiku limene inabwera inkangolira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Koma a Yen anagwira ntchito ya zamagetsi pafakitale ya shuga zaka makumi atatu, ndipo chinthu cholira molakwika sankachisiya. Zaka zitatu anakhala akuichotsa matumbo. Anasintha mawaya onse, anasintha tizipangizo tam'kati kamodzikamodzi, mababu ake anataya n'kuikamo akale amene anatola pamene nyumba ya kanema ya m'tauniyo inkagwetsedwa. Cha kufakitale chinatsala chinali bokosi ndi batani loyatsira basi.

"Taona apa," anatero a Yen. "Mawaya a masipika sanadule. Wamasula, wakulunga bwinobwino, waika pambali. M'dirowa umu ndimasunga timakatoni ta mababu. Mulibe. Ndiye kuti anakhala pansi, kuzula babu lililonse, kuliika m'katoni mwake, kenako n'kunyamula. Unaonapo wakuba wotere?"

"Ndiye mukuti ndani?"

"Mnzanga. Sindikudziwa uti, koma ndi mnzanga."

Anali ndi gulu lawo, amuna khumi ndi awiri okonda mababu, amene ankakumana pamwamba pa sitolo ya tiyi mwezi uliwonse kumvetsera zida za anzawo n'kumazinyoza. Onsewa anafikapo kunyumba kwa a Yen, ndipo za kiyi wa pansi pa mphika sizinali chinsinsi. Ulendo womaliza umene a Yen anapitako, akazi awo asanadwale, kachitini kawoko kanachititsa manyazi zida za mtengo wa galimoto. A Lo Wen-kang, ogulitsa matailosi, eni ake a zida zodulazo, anawatsatira mpaka pamasitepe kuti atchule mtengo. A Yen anakana.

Madzulo a tsiku lomwelo sajeni anapita kwa a Lo. Anamulandira ndi tiyi, kumulowetsa m'chipinda chodzaza zida zonyezimira, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Bwana, yang'anani nokha. Ine ndikabe chitini?" Kamera ya pamphambano nayo sinathandize. Inaonetsa munthu wa panjinga yamoto, atavala chisoti, chovala chamvula ndi chophimba kukamwa, monga theka la anthu a m'tauniyo.

"Nyumba khumi ndi ziwiri sindingaziseche chifukwa cha mawaya okulunga bwino, amalume," anatero sajeni pa foni. "Gulani ina. Ndikuthandizani kuitanitsa."

Apa ndi pamene a Yen anapsa mtima, chifukwa ina kunalibe. Sitiroko ija inatengera mayi Siu-bi mawu, inawaonongeranso khutu lakumanja. Wailesi, foni, chilichonse ankachimva ngati phokoso la msika. Atatuluka m'chipatala ankangokhala duu, chakudya osachifuna. A Yen anatsegulanso ampulifaya ija. Anayamba kukweza mbali yakumanja, kuinola mawu ang'onoang'ono, kufewetsa yakumanzere. Asintha kachipangizo kamodzi, aika nyimbo, ayang'ana nkhope ya mkazi wawo. Ikakwinyika, achotsa. Anachita zimenezi miyezi isanu, osalemba paliponse, osauza aliyense. Tsiku lina mayi Siu-bi anatsegula pakamwa n'kuimba nawo ndime yonse ya nyimbo ya pa utsikana wawo, munthu amene sankatha kutchula ngakhale dzina lake. Kuyambira pamenepo ankadya nyimbo ikulira. Nyimbo ikazima, supuni nayo inkaima.

Tsopano manja a a Yen anali atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, ndipo kukonza ina motero kukanawatengera nthawi. Miyezi ina isanu analibe, ndipo mayiwo analibenso.

Lachitatu mayi Siu-bi anamwa madzi okha. Lachinayi m'mawa a Yen anawaphikira phala la mpunga la nsomba, limene ankalikonda, n'kuika foni pafupi ikuimba.

"A-bi, tangolawani. Supuni imodzi yokha."

Mayiwo anakankha foniyo ndi dzanja lawo lamoyo mpaka inagwa pansi. A Yen anawerama kuti aitole, ndipo ali chiweramire maganizo anawafikira. Anaitana mayi woyandikana nawo nyumba kuti akhale ndi wodwalayo, iwo n'kukwera njinga yamoto ulendo wa kupolisi.

"Wakubayo akuganiza kuti waiononga," anatero asanakhale n'komwe.

"Chiyaninso, amalume?"

"Imene anaimva ija inali ya chaka chatha, yolira mofanana uku ndi uku. Pano akaiyatsa, kumanja kukukuwa, kumanzere kukunong'ona. Iweyo ukhoza kungomvera choncho. Ife sitingathe. Munthu wa gulu lathu mbali imodzi ikapendekera pang'ono pokha, chakudya sichitsika. Aganiza kuti anaigunditsa panjinga. Ndipo ambiri mwa iwo amadziwa kugula kokha, kutsegula amaopa, chifukwa magetsi a m'kati umo amapha. Apita nayo kwa mmisiri."

Sajeni Pai anakoka pepala. "Amisiri a zimenezi alipo angati?"

"M'chigawo chino atatu. Koma tamvera. Mmisiri akaiona, aikonza. Akangodula mawaya n'kuilinganiza, ngakhale mutamugwira wakubayo, kwa ine yapita."

"Mayi adya?"

"Sanadye chiyambire Lachiwiri."

Sajeniyo sanafunsenso za mtengo. Anatenga chisoti chake. Tsiku limenelo anayenda makilomita oposa zana padzuwa, kugogoda pa amisiri atatu onsewo mmodzimmodzi, poti awiri mwa iwo foni sankayankha. Aliyense anamusiyira mawu omwewo: ikabwera yolira mopendekera kumanja, musaikhudze, imbani.

Lachisanu linadutsa osamva kanthu. Namwino amene anabwera kudzaona mayi Siu-bi ananena kuti Lolemba likafika asanadye, awagoneka n'kuwaika paipi m'mphuno. A Yen anaperekeza namwinoyo, n'kukhala pakhonde nthawi yaitali. Ankaopa, ndipo sankabisa.

Loweruka 9 koloko m'mawa foni inalira.

"Amalume, valani nsapato. Ndikubwera ndi galimoto."

Wakubayo anali wochenjera kuposa mmene a Yen ankaganizira. Amisiri atatu aja anawalambalala. Anaoloka mtsinje kupita ku Tiaokang, tauni ya asodzi, kwa mayi Tso Li-hua, amene ankakonza mawailesi a m'maboti ndipo dzina lawo silinali pa pepala la sajeni. Mayiwo ndi amene anaimbira mmodzi wa atatu aja kumufunsa ngati akudziwa mwini wake wa ntchito imene inali pa tebulo lawo, ndipo iyeyo anaimbira sajeni.

Sitolo yawo inali kachipinda kopapatiza pakati pa ogulitsa maukonde ndi ogulitsa ayezi. Mayi Tso anali wamfupi, wa imvi, magalasi awiri pamphuno, ena pamwamba pa anzake. Ampulifaya inali gada pa tebulo, matumbo ali pamtunda. A Yen anaima pakhomo.

"Amisiri," anatero, "mwadula?"

"Bwerani muone nokha."

Anawerama. Anatsatira waya uliwonse ndi maso. Zonse zinali m'malo mwake.

"Pulayala yodulira mawaya ndinali nditaigwira kale," anatero mayi Tso. "Bambo amene anaibweretsa dzulo anandiuza kuti ndiilinganize tsiku lomwelo, alipira kawiri. Koma nditayang'anitsitsa ndinati ayi. Chinthu choonongeka sichioneka chonchi. Apa munthu wawotcherera n'kumasula, wawotchereranso n'kumasula, mwina kakhumi, pamalo amodzimodzi, ndipo paliponse mwaukhondo. Uyu sanalakwitse, ankafunafuna chinachake. Ndiye ndinamufunsa bambo uja kuti, kunyumba kwanu ndani samva bwino khutu lakumanja? Akuti palibe. Ndinati chabwino, mubwere mawa 11 koloko. Atatuluka ndinabweza pulayala m'dirowa."

A Yen anavula chipewa. Anawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda tebulo, ndipo anakhala choncho.

"Iii, madala, dzukani, mundigwetsera zinthu," anatero mayiwo. "Ndani wodwalayo?"

"Mkazi wanga."

"Ndinadziwa. Munthu sangavutikire mlamu wake chonchi."

Sajeni anaimika galimoto kuseri kwa sitolo ya ayezi. Iye ndi a Yen anakhala kuseri kwa katani, pamabokosi a mabatire. 11 koloko itapitirira ndi mphindi zisanu, njinga yamoto inaima panja.

"Mayi, mwatha?" Mawuwo a Yen anawazindikira asanaone nkhope.

"Ndatha kuiona. Mwati ndi yanu?"

"Yanga. Ndinaipanga ndekha. Yangogundika panjira."

"Mwaipanga nokha? Ndiye gwirani apa mundionetse pamene munayambira."

A Lo Wen-kang anabweza manja kumbuyo ngati aona njoka. Sajeni Pai anakankha katani.

"Bambo Lo. Chitini chija mwachipeza?"

Munthu wamkulu uja anafota nthawi yomweyo. Anayang'ana pakhomo, koma sajeni anali ataima kale pamenepo. Kenako anaona a Yen.

"Achimwene, ndimafuna ndingoimvera sabata imodzi. Ndikanabweza. Komanso ndimakukonzerani, inali yoonongeka, mbali imodzi..."

"Unabwera kuchipatala ndi mapeyala," anatero a Yen. "Unandifunsa kuti amapita masiku ati kukawongola mwendo. Ine ndinkati ukufuna kutithandiza galimoto."

Sajeni anawauza a Lo mlandu wawo, wothyola nyumba ndi kuba, n'kuwaveka unyolo. Timakatoni ta mababu tinapezeka m'bokosi la njinga yawo, ataikamo thonje kuti tisagundane. Patapita miyezi iwiri khothi linawapatsa miyezi isanu ndi itatu ya kundende, ndipo gulu lija linachotsa mpando wawo.

Koma zimenezo zinali za m'tsogolo. Loweruka limenelo vuto linali lakuti katundu wakuba ndi umboni, ndipo umboni umagona kupolisi. Sajeni Pai anaijambula ampulifaya ija mbali zonse, analemba mapepala atatu, anakangana ndi bwana wake pa foni ataima padzuwa, mpaka anabwera ndi pepala loti a Yen asayine kuti aisunga okha. Mayi Tso anaitseka ndi manja awo, anakana ndalama, n'kuwonjezerapo thumba la nsomba zouma kuti akapatse wodwala. Mumsewu wonse a Yen anaifungatira pamiyendo, ndipo sajeni ankayendetsa pang'onopang'ono moti njinga zakapalasa zinkawapitirira.

Anafika ku Peilu 3 koloko masana. Mayi Siu-bi anali pachikuku, maso ali kukhoma, milomo itauma. A Yen anabzala mababu limodzilimodzi, analumikiza masipika, anayatsa. Mababu amafuna kaye atenthe. Anadikira mphindi imene inawatalikira kuposa sabata yonseyo, kenako anaika nyimbo.

Mutu wa mayiwo unatembenuka pang'onopang'ono, khutu lakumanja kutsogolo.

A Yen sanathe kupirira. Anagwira manja onse awiri a sajeni n'kuyamba kuthokoza mokweza, misozi ikutsika. Anathokoza za makilomita aja, za mapepala, za mayi wa ku Tiaokang amene sanawadziwe n'komwe, ananena kuti akamwalira adzakauza makolo awo mayina a anthu awiriwa. Sajeniyo ankangoti, "Ndi ntchito, amalume, ndi ntchito," uku akuyang'ana pansi.

Ndiye kunamveka kugogoda. Mayi Siu-bi ankamenya chikuku ndi dzanja lawo lamoyo, atakwinya nkhope, akuyang'ana amuna awo mmene ankawayang'anira zaka makumi anayi zonsezo akalongolola pamaso pa alendo. Anaika chala pakamwa. Amuna awiriwo anakhala chete.

Ndime yachiwiri itayamba, mayiwo anaimba nawo, mawu osasa koma omveka lililonse. A Yen anayenda monyang'ama kupita kukhitchini kukatenthetsa phala.