Kiyi wa Njinga m'Chitini cha Mankhwala

"Yayi! Mwana wanga azipempha kiyi wa njinga yake kwa mkazi? Ng'ombe za malowolo zija tinapereka kuti titenge wapolisi?"

Anali Nakayange, mayi ake a Lucius, atangofika kuchokera ku Wenya. Mpongozi wawo Dinah anaima pakhomo ndi chitini cha mankhwala a TB, mtima ukuwira.

Nkhani inali iyi. Lucius, wakabaza wa njinga yamoto pa Boma, ankaiwala mankhwala pothamangira makasitomala. Mlangizi wa kuchipatala anakhala nawo pansi awiriwa n'kufunsa, "N'chiyani chimene simungachoke pakhomo osatenga?" Lucius yekha anati kiyi. Ndiye anapangana kuti kiyi azigona m'chitini, azituluka mapiritsi akamezedwa Dinah akuona.

"Amama, anavomera okha," anatero Dinah. "Kwatsala miyezi inayi. Akasiyira panjira matenda abwerera."

"Wachira uyu! Sukuona masayawa?"

Nakayange anatsomphola chitini, natulutsa kiyi. Ndipo Lucius, bambo wandevu zake, anangolandira maso ali pansi ngati mwana wakuba shuga! Dinah analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko, misozi ili chuchuchu.

Mwezi ndi theka chitini chinangokhala pawindo. Lero mawa, lero mawa. Dinah akakumbutsa, apongozi ankayankha ndi tsonyo.

Tsiku lina m'mawa Lucius akuliza njinga anatsokomola, magazi n'kugwera pathanki. Nakayange anakuwa manja ali kumutu.

"Mukulira chiyani?" anakalipa Dinah, ulemu wonse utathawa. "Si mwamuna uyu? Si wachira? Mumafuna kiyi, ndi uyo! Ine ndimafuna bambo wa ana anga!"

Kuchipatala anati mankhwala ayambirenso pachiyambi. Mlangizi uja sanakalipe. Anangofunsa Lucius chimene chinasokoneza, kenako anati, "Aitaneni amayiwo, pangano ili alimve ndi makutu awo." Nakayange analowa mwendo uli kwekwerere, namva zonse.

Tsiku lobwerera ku Wenya anayamba wafika pa Dinah, amene anali asanawalankhule sabata yonse. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kiyi uja, amene anali atamulanda Lucius, namuponya m'chitini, ngwee!

"Nayu, mama. Akakuvuta undiimbire. Ndibwera wapansi, ndidzamumwetsa ndekha ngati mbuzi."

Dinah anatseka chitini osaseka.

"Yewo. Koma mukabwera, ichi musachikhudzenso."