Kadzidzi Wodya Nsomba

Anamzeze atayamba kusonkhana kuti abwerere kumpoto, bwana Thiam wa ku Dakar anafika pa Kuntaur ndi kamera yaitali ngati mfuti. Ankafuna mbalame imodzi yokha, kadzidzi wofiira wodya nsomba. Nfamara, wodziwa mtengo uliwonse wa m'mbali mwa mtsinje wa Gambia, anavomera kumuperekeza. Mng'ono wake Kawsu ndiye ankayendetsa bwato.

Anayenda masiku, dzuwa likuswa mtengo. Mpunga unatha, anatsala ndi mtedza ndi tiyi wowawa. Kadzidzi osaoneka.

"Tilowe kamtsinje ako," anatero Thiam.

"Muli mvuu ya kamwana, bwana," anayankha Nfamara.

"Ndinalemba wodziwa mbalame kapena mbusa wa mvuu? Lowani!"

Analowa. Madzi anatumphuka, bwato linapendekeka, Nfamara ndi nkhafi khuvu m'madzi. Pomwe Kawsu ankamuvuula, ntchafu yomwe mvuu inaluma inali nyama yokhayokha. Anaimanga ndi malaya ake, n'kuliza injini kuthamangira kuchipatala.

Asanapite patali, Thiam anazimitsa injini n'kuzula kiyi.

"Chete! Uyo apo."

Panthambi ya mkuyu panali kadzidzi, wofiira ngati njerwa, maso akuda bii.

"Bwana, achimwene akutha magazi!"

"Atembenuke kaye. Mthunzi wamuphimba kumaso."

Kawsu anadzuka kuti amulande. Thiam anatambasulira dzanja pamadzi, kiyi ikulendewera pachala.

"Ungondikhudza, upalasa ndi manja mpaka kwanu."

Kawsu anakhala pansi, mano akulumana. Anatsamiritsa mutu wa mkulu wake pamiyendo, namaingitsa ntchentche.

"Kawsu," ananong'ona Nfamara, "kwazizira bwanji masana ano?"

Kadzidzi anatembenuka pa nthawi yake. Kamera inalira. Pofika padoko, Nfamara anali atauma kale.

Mkazi wake, Jankey, anali kudimba akuthirira anyezi, mpheta zikumwa m'mapazi mwake. Kawsu anamuuza za imfayo ataweramira pansi. Kulira kusanatuluke n'komwe, Thiam, yemwe ankabwera pambuyo, anamuyandikizira kamera kumaso.

"Mayi, amuna anu sanafe chabe. Taonani nthengazo! Ndinadikira mpaka kuwala kutakhala bwino."

Jankey anayang'anitsitsa chithunzicho, madzi akutayikira pansi kuchokera m'chidebe. Kenaka anacheukira Kawsu.

"Alamu, inu munali momwemo m'bwatomo?"

"Ndinalimo."

"Ndiye nanunso munadikira nawo?"

 Mawa lake Kawsu anakokera bwato kumtunda n'kulivundikira, ndipo chiswe chinalidyera pomwepo.