Kadzanja ka Matope

"Ndiwe, Maren. Wadya chakudya cha mbalame."

Ananena mawuwa ndi Linus, mchimwene wake wa Maren. Ananena ali pakhonde. Ananena mokweza. Ngakhale anthu a kuseri kwa mpanda anamva.

Maren anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anali ndi ntchito imodzi pakhomo. Ntchitoyo ankaikonda kwambiri. M'mawa uliwonse ankadyetsa mbalame.

Kuseri kwa nyumba kunali mzati. Pamwamba pa mzati panali kanyumba kodyera mbalame. Maren ankakwera pakampando. Ankathira njere za mpendadzuwa m'kanyumbamo. Kenako ankathamangira pazenera. Ankadikira mbalame yake.

Mbalame yake inali yofiira psuu. Inali ndi nthenga zosongoka pamutu. Maren anaipatsa dzina. Dzinalo linali Matimati.

Koma Loweruka limeneli m'kanyumba munalibe kanthu. Chitini cha njere chinali chitagwa pakhonde. Chivundikiro chinali uko. Makoko anali mbwee.

Matimati anabwera. Anasuzumira m'kanyumba. Anapeza mulibe. Anauluka.

"Si ine," anatero Maren.

"Ndiwe. Tsiku lija ndinakuona ukutafuna njere."

"Ndinangolawa imodzi."

"Imodzi? Masaya anatupa ngati a gologolo."

"Bodza."

"Nanga ichi n'chiyani?"

Linus ananyamula chivundikiro. Nyengo yozizira inali itangotha. Chipale chofewa chinali chitasungunuka. Panja ponse panali matope. Pachivundikiro panalinso matope. Matopewo anali atadinda dzanja. Kadzanja kakang'ono. Zala zisanu.

"Dzanja langa ndi lalikulu," anatero Linus. "La amayi ndi lalikulu. Wa kadzanja pakhomo pano ndi mmodzi yekha."

Nkhope ya Maren inatentha. Makutu anatentha. Anaponda pansi mwamphamvu.

Amayi anatuluka ndi kapu ya khofi.

"Mwayamba kale m'mawa uno?" anafunsa.

Anayang'ana chitini. Anayang'ana makoko. Anayang'ana Maren.

"Mwana wanga, njere izi si za anthu. Zingakupweteke m'mimba."

"Amayi, si ine."

"Mwina si iwe. Sindikudziwa. Mpaka tidziwe, mbalame azidyetsa Linus."

Linus anatulutsa lilime. Amayi sanaone.

Maren sanalire. Anakhala pamasitepe. Anaika chala mkamwa. Maren akakwiya ankaluma zikhadabo. Akasangalala ankalumanso. Amayi ankamuuza tsiku lililonse kuti asiye. Iye sankasiya.

Analuma. Anaganiza. Analumanso.

Kenako anatenga chivundikiro chija. Anachiika pamwendo. Anayang'anitsitsa kadzanja.

Maren anatsika masitepe. Anaviika dzanja lake m'matope. Analidinda pathabwa la khonde, pha. Tsopano manja anali awiri. Lina pathabwa. Lina pachivundikiro.

Dzanja la pathabwa linali ndi chala chachikulu. Chalacho chinaloza kumbali. Kadzanja ka pachivundikiro kanalibe chala choloza kumbali. Zala zonse zinaloza kutsogolo. Zinali zazitali. Zinali zoonda.

Ndipo panali chinanso. Kunsonga ya chala chilichonse kunali kadontho. Timadontho tisanu. Malo a zikhadabo zakuthwa.

Maren anayang'ana zala zake. Anamwetulira.

"Amayi, tabwerani mudzaone. Nawenso Linus, bwera."

Amayi anabwera. Linus anabwera akutafuna buledi wa chiponde.

"Wakubayu ali ndi zikhadabo," anatero Maren. "Zazitali. Zakuthwa. Tsopano onani zanga."

Anatambasula manja onse awiri.

"Zili kuti? Palibe. Ndinadya zonse."

Amayi anawerama. Anayang'ana dzanja ili. Anayang'ana dzanja ilo. Kenako anaseka mpaka khofi anatayika.

"Pepa, mwana wanga. Si iwe. Lero kuluma zikhadabo kwakupulumutsa."

"Ndiye ndizilumabe?"

"Ayi. Usiye ndithu."

Maren anatembenukira kwa Linus. Anadikira. Linus anayang'ana kumwamba. Anatafuna buledi wake.

"Ntchito ndi yako," anatero amayi. "Koma undimvetse. Wakubayu wazolowera pakhomo pano. Akapitiriza kubwera, kanyumba tikachotsa. Sindikufuna nyama zizigogoda pachitseko."

"Nanga Matimati adzadya kuti?"

"Adzapita kwina."

Maren anayang'ana kanyumba. Matimati kupita kwina? Ayi.

"Amayi, wakubayo mukumudziwa?"

"Ndikumuganizira wina. Koma lero tanamizira kale mmodzi. Tisanene tisanaone."

Maren anatola njere zotsala. Anazithira m'kanyumba. Anakhala pazenera. Anadikira.

Pafupi ndi mzati panali mtengo waukulu. Nthambi inagwedezeka. Panthambipo panali gologolo. Mchira wake unali tolotolo. Anayang'ana kumanja. Anayang'ana kumanzere. Anadumpha. Anatera padenga la kanyumba, gu.

Gologolo analendewera chadodolido. Anadya. Anadya. Masaya anatupa.

"Uyo," anatero Linus. "Wakuba wako ndi uyo. Mlandu watha."

Maren anayang'anitsitsa timanja ta gologolo. Tinali tating'ono ngati timitengo ta machesi.

"Ndi wakuba, inde. Koma chitini sanatsegule iyeyu. Kadzanja kaja si kake."

"Ukumuikira kumbuyo gologolo? Ndi m'bale wako?"

"Kunamiziridwa kumapweteka, Linus. Aliyense mlandu wake."

Linus anakanda m'mutu.

Dzuwa lisanalowe, Maren anapempha ufa wa tirigu. Amayi anamupatsa kapu imodzi. Maren anawaza ufa pakhonde. Anawaza pamasitepe. Anawaza mozungulira mzati. Pansi panayera mbuu.

"Ukuphikira wakuba keke?" anafunsa Linus.

"Udzaona mawa."

M'mawa Maren anadzuka woyamba. Anavala jombo. Anavala juzi. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono.

Chitini chinali chitagwanso. M'kanyumba munalibenso kanthu. Koma paufa panali mapazi.

Kutsogolo timanja tiwiri. Kumbuyo mapazi awiri aatali. Timanja, mapazi. Timanja, mapazi. Anatsika masitepe. Anakwera mzati. Anatsikanso. Analunjika kumtengo waukulu uja.

Maren anakadzutsa amayi. Anakadzutsa Linus. Onse atatu anatsatira mapazi oyera. Timanja, mapazi. Timanja, mapazi. Pansi pa mtengo mapazi anatha.

Maren anayang'ana kumwamba. Pamphanda pa mtengo panalendewera mchira. Mchira wonenepa. Mchira wa mphete zakuda. Pamwamba pake panali chimimba. Chimimbacho chinkakwera, chinkatsika. Mwini wake anali m'tulo.

"Rakuni, kanyama koyenda usiku," ananong'ona amayi. "Ndinamuganizira yemweyu."

Rakuni anatsegula diso limodzi. M'maso mwake munali bii, ngati wadzola makala. Pamphuno panali ufa. Dzanja lake linalendewera panthambi. Kadzanja kakang'ono. Zala zisanu. Zikhadabo zisanu.

"Iwe," anatero Maren motsitsa mawu. "Kudya wadya iwe. Kukalipiridwa ndakalipiridwa ine."

Rakuni anayasamula. Anatseka diso lija.

"Alibe ndi manyazi omwe," anatero Maren.

"Tiyeni tibwerere," anatero amayi. "Uyu sitimugwira. Sitimudyetsa. Amaluma. Chakudya chake chili kumtsinje."

Anakhala patebulo la kukhitchini. Maren anatenga pensulo. Anajambula mzati. Anajambula mtengo. Anajambula akuba awiri.

"Gologolo amadumpha," anatero. "Rakuni amakwera. Amatsegulanso chitini."

"Ndiye titani?" anafunsa amayi.

"Chitini chizigona m'nyumba."

"Chimenecho n'chapafupi. Nanga wodumphayo?"

"Mzati uchoke pafupi ndi mtengo."

"Nanga wokwerayo?"

Maren analuma pensulo. Anaganiza.

Linus anatsokomola.

"M'galaja muli paipi yakale ya utsi," anatero. "Ndi yaikulu. Ndi yoterera. Zikhadabo sizingagwire."

Maren anamuyang'ana. Mawuwo anali abwino. Koma sanali mawu amene ankadikira.

"Kaitenge," anatero.

Maren anaima pansi pa mtengo. Anayenda akuwerenga mapazi. Limodzi, awiri, atatu. Anafika pa khumi. Anawonjezera awiri, chifukwa miyendo yake inali yaifupi.

"Apa."

Linus anakumba dzenje. Anakumba mpaka thukuta. Amayi anazula mzati. Anaudzala pamalo atsopano. Anaveka mzatiwo paipi ija. Anaipachika pansi pa kanyumba. Anatseka pamwamba pake ndi waya. Paipi inalendewera. Ukaigunda inkagwedezeka.

Maren anakwera pakampando. Anathira njere mpaka pakamwa. Kenako onse anapita pazenera.

Gologolo anabwera. Anathamanga panthambi. Anafika kunsonga. Anayang'ana kanyumba. Kanali kutali. Anagwedeza mchira. Anatsika mumtengo.

Anafika pamzati. Anakwera. Analowa m'paipi. M'kati munali mdima. Pamwamba panali potseka. Anatuluka chafutambuyo.

Anayesanso. Anadumphira papaipi. Paipi inagwedezeka. Gologolo anatsetsereka, tsereree. Anagwa pansi, phi.

Anayesanso. Tsereree, phi.

Anayesanso kachitatu. Tsereree, phi.

Anakhala pansi. Anayang'ana kuzenera. Analalata, analalata.

Linus anaseka mpaka kugwira m'mimba. Maren anaseka pang'ono. Kenako anasiya.

"Nayenso ali ndi njala," anatero. "Amayi, chimanga chouma chija chilipo?"

Amayi anamupatsa chisononkho chimodzi chodzaza. Maren anapita nacho kumpanda, kutali ndi mzati. Anachisomeka pamsomali.

"Chako ndi ichi," anauza gologolo. "Cha mbalame ndi icho. Tisayambanenso."

Madzulo Maren anakoka chitini. Anachilowetsa m'khitchini. Anachiika m'kabati. Anatseka.

Lolemba m'mawa anathamangira panja. Anayang'ana paipi.

Papaipi panali matope. Timanja tiwiri, pamwamba pang'ono. Pansi pa timanjato panali mizere yaitali. Mizereyo inatsika, inatsika, mpaka kumapeto.

Maren anakwera pakampando. Anayang'ana m'kanyumba. Njere zinali momwemo. Zonse.

"Amayi, nayenso watsetsereka."

Amayi anabwera. Anaona mizere. Anaona njere.

"Kanyumba sitikachotsa," anatero.

Anabwerera pazenera. Amayi anapatsa aliyense kapu ya koko wotentha. Basi ya sukulu inali isanafike. Anadikira. Anadikira.

Kunabwera timbalame totuwa. Kunabwera kena ka mutu wakuda. Maren anaika chala mkamwa. Amayi anachichotsa. Anagwira dzanja lake.

Kenako pampanda panatera chinthu chofiira psuu.

Matimati anayang'ana malo akale. Panalibe mzati. Anapendeka mutu. Anaona kanyumba. Anauluka. Anatera. Anatola njere imodzi. Anaiswa ndi mlomo. Anatolanso ina.

Kumpanda gologolo ankakukuta chimanga chake. Mumtengo munalibe mchira wa mphete.

Maren anamwa koko wake. Anapukuta pakamwa. Anatembenukira kwa Linus.

Linus anayang'ana m'kapu. Makutu ake anafiira ngati Matimati.

"Pepa," ananong'ona.

"Wati chiyani?"

"Wamva."

"Sindinamve. Amayi, mwamva inu?"

"Ine ndamva ngati udzudzu," anatero amayi.

Linus anayamba kumwetulira. Anabisa nkhope kuseri kwa kapu.

Maren anatsika pampando. Anagwira mchimwene wake padzanja. Anamukokera pakhonde. Anamuimika pamalo omwe aja.

"Pondinamizira unaima apa," anatero. "Unanena mokweza. A kuseri kwa mpanda anamva. Matimati anamva. Tsopano amvenso. Anadya chakudya cha mbalame ndani? Yankha, Linus. Mokweza."